Malangizo osamveka angasocheretse makina a AI m'chipatala

Makina a AI asiya kungoyankha mafunso. Masiku ano alipo ena amene amatumidwa ntchito, monga kufufuza mbiri ya wodwala m'kompyuta, kuwerengera mlingo wa mankhwala kapena kusungitsa tsiku lokaonana ndi dokotala. Pogwira ntchitozi amadalira timapulogalamu tina, ndipo kalikonse kamabwera ndi malangizo ofotokoza zomwe kamachita. Zomwe makinawo amadziwa za kapulogalamuko ndi zokhazo zomwe zalembedwa. Namwino watsopano akapeza botolo la mankhwala lolembedwa mosamveka amakafunsa mnzake, koma makina a AI nthawi zambiri amangoganizira okha n'kupitiriza ntchito.

Kale malangizo otere ankalembedwera anthu. Mwachitsanzo, mzinda wa Sheffield, kumpoto kwa England, uli ndi mbiri yaitali pa nkhani ya makompyuta owerenga zolemba za anthu. Mu 1995, akatswiri a pa University of Sheffield adayamba kupanga GATE, pulogalamu yaulere yomwe imatola mfundo m'zolembedwa. Ofufuza a chipatala cha South London and Maudsley akhala akuigwiritsa ntchito posanthula mbiri za odwala matenda a maganizo, maina atachotsedwamo. GATE ili ndi buku lalikulu la malangizo, lolembera munthu amene angawerenge modekha, kuyesa, kulakwitsa ndi kufunsa anzake.

Tsopano wowerenga wasintha. Mu November 2024 kampani ya Anthropic idatulutsa Model Context Protocol, njira yolumikizira makina a AI ndi mapulogalamu ena. Pa njira imeneyi pulogalamu iliyonse imapereka dzina lake, mawu ofotokoza ntchito yake, ndi mndandanda wa zomwe imafuna kupatsidwa. Kuchokera pa mawu ochepawo makina amasankha pulogalamu yoti agwiritse ntchito ndi manambala oti aikemo.

Taganizirani kapulogalamu kowerengera mankhwala a mwana. Mlingo wa mankhwala ambiri a ana umatengera kulemera kwa mwanayo m'makilogalamu. Malangizo akangoti "lembani kulemera" osatchula muyezo, makina akhoza kuikamo mapaundi, omwe anthu ambiri ku England amawatchulabe ponena kulemera kwawo. Kilogalamu imodzi ndi mapaundi pafupifupi 2.2, choncho mwana wa makilogalamu 10 angawerengedwe ngati wa 22, n'kulemberedwa mankhwala oposa kuwirikiza kawiri. Madeti nawonso amasokoneza: 03/04 ndi 3 April ku Sheffield kapena ku Lilongwe, koma ku America ndi 4 March.

Vuto lina ndi pamene malangizo akunena china, pulogalamu ikuchita china. Mu September 1999 bungwe la NASA lidataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa pulogalamu ina inkatulutsa manambala m'muyezo wa mapaundi, pomwe zikalata zinkati akhale m'muyezo wa manyutoni.

Nanga malangizo abwino timawadziwa bwanji? Choyamba n'kuwawerenga uli ndi mafunso m'manja. Kodi akunena ntchito ya pulogalamuyo, komanso nthawi yomwe siyenera kugwiritsidwa ntchito? Kodi miyezo ndi kalembedwe ka madeti zatchulidwa? Zinthu zikalakwika, kodi uthenga womwe umabwera ukufotokoza chomwe chavuta ndi mokonzera mwake, kapena ukungoti "zakanika"? Kodi malangizowo adasinthidwa pamene pulogalamu idasinthidwa?

Kuwerenga kokha sikukwanira. Akatswiri amakonza ntchito zambiri zomwe mayankho ake amawadziwa kale, zophweka ndi zamisampha zomwe, n'kuwapatsa makinawo. Kenako amawerenga kuti ndi kangati makina asankha pulogalamu yoyenera, kangati aikamo manambala olondola, ndi kangati aima n'kufunsa munthu pamene mfundo zikusowa. Akasintha chiganizo chimodzi m'malangizo amabwereza mayeso onse, kuti aone ngati kusinthako kwathandiza kapena kwaononga. Ku England, malamulo a DCB0129 ndi DCB0160 amalamula opanga mapulogalamu a zaumoyo ndi zipatala za boma (NHS) zowagwiritsa ntchito kuti aziunika ngozi zomwe zingagwere odwala.

Kwathu kuno nkhaniyi siili patali. Unduna wa Zaumoyo umasunga ziwerengero za zipatala mu pulogalamu ya DHIS2, ndipo zipatala zambiri zopereka ma ARV zimasunga mbiri za odwala m'kompyuta, ntchito yomwe idayambitsidwa ndi Baobab Health Trust. Tsiku lomwe makina a AI adzalumikizidwe ku nkhokwe zimenezi, ogula mapulogalamuwo asadzakhutire ndi chionetsero cha wogulitsa. Adzapemphe malangizo ake, adzawayese ndi maina a mankhwala, miyezo ndi madeti omwe azaumoyo athu amalemba tsiku ndi tsiku, ndipo pa nkhani ya mlingo wa mankhwala, wachipatala ndiye azitsimikiza asanampatse wodwala.