Sajeni amene azungu ankalephera kutchula dzina lake

Mabuku a nkhani zofufuza milandu amayenda mofanana: mtembo kumayambiriro, wakupha kumapeto. Koma nanga wofufuzayo akakhala wantchito wa boma lomwe likupondereza anthu amene akuwafunsa mafunso, ndani angamuuze zoona? Apa m'pamene anandikolera Abir Mukherjee, mlembi wa makolo a ku India koma wokulira ku Scotland, m'buku lake loyamba la A Rising Man lomwe linatuluka mu 2016.

Nkhaniyi ikuchitikira ku Calcutta mu Epulo 1919, India ali m'manja mwa Angelezi. Kaputeni Sam Wyndham wangofika kumene kuchokera ku Scotland Yard. Anamenya nawo nkhondo yoyamba ya padziko lonse, mkazi wake anamwalira ndi mliri wa chimfine, ndipo usiku amazemba kukasuta opium. Asanazolowere n'komwe kutentha kwa kumeneko, mzungu wina wamkulu m'boma wapezeka ataphedwa m'kanjira ka kudera la eni nthaka, m'kamwa mwake atamutsindira kakalata kouza Angelezi kuti achoke.

Womuthandiza ndi Sajeni Surendranath Banerjee, mnyamata wamanyazi wophunzira ku Cambridge, amene nzeru zake zimaposa za mabwana ake ambiri. Dzina lakelo azungu lawakanika, ndiye angomupatsa lawo, Surrender-not, ngati kunena kuti "usagonje". Poyamba zimaseketsa ndithu. Kenako umakumbukira kuti Angelezi omwewa kuno ankalemba Cholo pofuna kunena Thyolo, Mlanje pofuna kunena Mulanje, ndipo phwete lija limatsika pang'ono.

Nthabwala zambiri m'bukuli n'zotere. Wyndham ndi amene akusimba nkhaniyo, ndipo pakamwa pake sipaphwa chipongwe: amanyoza makalabu a azungu, amanyoza akuluakulu odzimva a m'maofesi, amadzinyozanso yekha. Mabwana akufuna mlandu uthe msanga, apeze womenyera ufulu mmodzi am'pachike basi, nkhani ithe. Kufufuza kuli mkati, pamveka za ku Amritsar, kumene pa 13 Epulo 1919 asilikali a boma la Angelezi anawombera khamu la anthu opanda zida n'kupha mazanamazana. Izi si zopeka ayi, zinachitikadi. Apa Banerjee ayenera kudzifunsa ngati yunifolomu imene wavalayo ndi yoyenera kuivalabe.

Chimene sindinakhutire nacho n'chakuti Wyndham amakondeka mopitirira. Umapezeka ukum'chemerera wapolisi wa atsamunda chifukwa choti amadziwa kuseketsa, pamene Banerjee akuyenda pambuyo ngati wonyamula chikwama. Mwina mlembi anaonanso zimenezi, pakuti m'mabuku otsatira zinthu zimasintha. Mu Smoke and Ashes, nkhani ya mu 1921 pamene otsatira Gandhi ankakana kugwirizana ndi boma, Banerjee sakumwerana madzi ndi abale ake chifukwa cha ntchito yakeyo. Pofika mu The Shadows of Men ya mu 2021, amasimba yekha mitu ina ya nkhaniyo, ndipo dzina lachipongwe lija latayidwa, tsopano ndi Suren.

Mabukuwa ali m'Chingerezi chosavuta kwenikweni, ndipo amapezeka oti n'kuwerengera pafoni. Osayambira pakati anzanga. Yambani ndi A Rising Man, chifukwa kuti mumve kukoma pamene Banerjee akukana dzina lonamalo, muyenera kuyamba mwaona kutalika kwa nthawi imene ankangoyankha akamuitana nalo.