DZIMBIRI PA MAWAYA A GALIMOTO: MAU KWA ACHIKUMBE

Achikumbe ambiri a m'midzi yozungulira Blantyre tsopano ali ndi zoyendera zaozao. Wina ali ndi njinga yamoto, wina kapikapu, ndipo ena anasonkhana m'kalabu nagula lole yakale. Zoyenderazi ndizo zimakatenga feteleza mvula isanagwe, ndizonso zimanyamula mabelo a fodya kunka ku okushoni ya ku Limbe, msika umene unayamba mu 1938. Nawonso anzathu a m'Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri, amene amakhala m'tauni koma minda yao ili kumudzi, amatuta chimanga chao ndi magalimoto omwewa.

Tsono lole ikakana kulira m'mawa wa tsiku lonyamula fodya, mwini wake amathamangira kunena batire kapena sitata. Amabwereka ndalama nagula batire lina, ndipo phindu la fodya limayamba kutha fodyayo akali pakhomo. Kawirikawiri batire limakhala losalakwa. Chovuta chimakhala pamalo pochepa ngati chikhadabo, pamene mawaya awiri analumikizidwa ndipo dzimbiri linalowapo.

CHIMENE CHIMADYA WAYA

M'kati mwa waya wa galimoto muli tinsinga ta mkuwa, ndipo kunja kwake kuli chikopa cha pulasitiki. Chikopacho chikakhala chosang'ambika, madzi safika pa mkuwa ndipo waya amakhala zaka zambiri. Koma munthu akafuna kuika wailesi, kapena nyali ina, kapena kulumikiza pamene paduka, amasenda chikopacho, napota tinsinga ndi zala, nakulunga tepi yakuda. Ntchito imaoneka ngati yatha. Kutentha kwa mu Okutobala kumafewetsa ulimbo wa tepi ija, tepi imamasuka, ndipo mvula yoyamba imalowa.

Madziwo saima pamene alowera. Amayenda pakati pa tinsinga monga momwe parafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi, kotero kuti waya amaola patali ndi pamene munalumikiza. Mkuwa umayamba kuda, kenaka umabiriwira. Magetsi amadutsa movutika pamalo potere, ndipo pamene magetsi avutika pamatentha. Ndicho chifukwa chake nyali zimayaka mwachizimezime, hutala imalira ngati yachimfine, ndipo nthawi zina utsi umatuluka pansi pa chiwongolero.

Blantyre ndi malo a chinyezi. Mvula imagwa kuyambira Novembala kufikira Epulo, ndipo mu Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni chimene chimanyowetsa chinthu chilichonse chogona panja. Misewu yotsetsereka ya m'Ndirande ndi ku Bangwe imasanduka mitsinje mvula ikakula, ndipo matope amamatirira kunsi kwa galimoto nasunga madzi masiku ambiri. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula imene inagumula nthaka m'phiri la Soche ndi kusefukiza Mudi, Nasolo ndi Naperi. Galimoto imene inamirako m'madzi otere ikhoza kuyenda bwino miyezi ingapo, pamene dzimbiri likudya m'mapulagi mwake mwakachetechete. Wogula galimoto yakale ayenera kutukula kapeti ndi kuzula mapulagi awiri atatu, aone ngati mulibe matope ouma kapena zobiriwira.

Koma mdani wamkulu wa galimoto ya mlimi ndi feteleza. Urea ndi CAN amakoka chinyezi cha mumpweya. Thumba likabooka pang'ono, timibulu take timagwera m'mipata ya matabwa kapena malata a kumbuyo, timasungunuka, ndipo madzi ake amadonthera pa mawaya a nyali zakumbuyo ndi za mabuleki. Madzi amenewa amadya chitsulo ndi mkuwa msanga kuposa madzi a mvula. Chotero yalani lona musanakweze matumba. Mukatsitsa, sesani kumbuyoko kukali kouma, ndipo pambuyo pake tsukani ndi madzi ambiri. Madzi a chidebe chimodzi angosungunula fetelezayo ndi kumulowetsa m'mipata.

ZIPANGIZO ZOSABOOLA THUMBA

Ntchito imeneyi siifuna zipangizo za m'galaja yaikulu. Mpeni wakuthwa, pulayazi, sipanala ya nambala 10, kachidutswa ka sandipepa ndi mswachi wakale ndizo zoyambira, ndipo zonsezi zimapezeka pa msika wa Ndirande kapena wa Limbe. Tesita mukhoza kupanga nokha: tengani babu laling'ono la mavolti 12, mulumikizeko mawaya awiri. Waya mmodzi gunditsani pa chitsulo cha galimoto, wina pamene mukuyesa. Babu likayaka, magetsi afika. Malole ambiri aakulu amayendera mavolti 24, ndiye amafuna babu la 24. Wokhala ndi ndalama pang'ono agule mita yoyezera magetsi. Batire lodzaza bwino, injini itazima, limaonetsa pafupifupi mavolti 12.6. Pa magalimoto atsopano okhala ndi kompyuta mita ndiyo yoyenera, pakuti babu likhoza kuononga zam'kati. Mawaya ndi mapulagi achikasu a pansi pa mpando ndi pa chiwongolero ndi a airbag. Amenewo asiyireni amakaniko.

Chipangizo chimodzi chimene sitikulangizani kuumira nacho ndalama ndi pulayazi yofinyira timapaipi tachitsulo tolumikizira mawaya. Yotsika mtengo kwambiri, ya lata lopyapyala, imangophwatalitsa kapaipi osagwira waya. Kalabu ya alimi ikhoza kugula imodzi yolimba ndi kumabwerekana.

Chenjeraninso pogula waya. Kuli waya wina wotsika mtengo amene kunja amaoneka ngati mkuwa koma m'kati ndi aluminiyamu. Palani kansinga kamodzi ndi mpeni: mukaona zoyera m'kati, musiyeni, pakuti amaola msanga ndiponso amathothoka. Waya wa magetsi a m'nyumba, wa nsinga imodzi yolimba, nayenso sayenera pa galimoto chifukwa amathyoka ndi kugwedezeka kwa msewu.

KALUMIKIZIDWE KABWINO

Musanagwire waya aliyense, masulani mutu wa batire wa chizindikiro cha kuchotsera (−), umene umalumikizidwa ku chitsulo cha galimoto. Umenewu ndiwo woyamba kuchotsa ndi wotsiriza kubwezera. Mukayamba ndi mutu winawo, sipanala ikakhudza chitsulo imathetheka moto woopsa.

Dulani waya woola kufikira mutapeza mkuwa wowala. Musachite nazo chisoni: ndi bwino kutaya mainchi 6 ndi kuikapo waya watsopano wonenepa chimodzimodzi kusiyana ndi kulumikiza pa mkuwa wakuda. Posenda chikopa musadule tinsinga. Lowetsani nsonga ziwirizo m'kapaipi kachitsulo, finyani kolimba, ndipo kokani ndi mphamvu. Zikasololoka, yambaninso.

Ena amakonda kuwotcherera ndi mtovu, ndipo nkwabwino ndithu, koma pali msampha. Amisiri okhoma zidebe ndi makeni othirira amatsukira lata ndi asidi kuti mtovu ugwire. Asidi ameneyu pa waya ndi chiphe, chifukwa amatsalira pakati pa tinsinga napitiriza kudya. Funsani mtovu wa amisiri okonza mawailesi, umene uli ndi utomoni m'kati. Dziwaninso kuti pamene pawotchereredwa pamauma gwa, ndipo waya amakonda kuthyokera pamene mtovu wathera. Mangani malowo ku mtolo wa mawaya anzake kuti pasagwedezeke.

Chotsatira ndi kutseka madzi. Pali timapaipi tapulasitiki timene timafota tikamva kutentha, totchedwa heat shrink, ndipo tabwino kopambana ndi tokhala ndi ulimbo m'kati. Lowetsani kapaipika pa waya musanalumikize (ambiri amakumbukira atalumikiza kale), kenaka kakokereni pamalopo ndi kukawamba pang'onopang'ono, moto uli patali ndi mafuta a galimoto. Popanda timapaipiti, kulungani tepi yakuda moikoka, mupitirire inchi imodzi mbali zonse, ndipo pamwamba pake mumange kalegeni kopyapyala ka chubu chakale kuti tepi isamasuke. Polumikiza pasakhale pansi penipeni pa waya wolendewera, pamene madzi amadikha. Pakwezeni, madzi adzidontha asanafikepo. Pamene waya adutsa pabowo la lata, muvekeni kachidutswa ka paipi ya mphira kuti lata lisamucheke.

MITU YA BATIRE NDI WAYA WA EARTH

Ufa woyera kapena wobiriwira wa pa mitu ya batire umachoka ndi soda wophikira therere. Sungunulani supuni imodzi m'kapu ya madzi, tsukani ndi mswachi, koma madziwo asalowe m'kati mwa batire. Pukutani, palani ndi sandipepa kufikira pawale, mangani kolimba, ndipo pomalizira pakani Vaseline kapena girizi pamwamba. Batire limatulutsa mpweya woyaka, ndiye ndudu ikhale kutali, ngakhale fodyayo ndi wolima nokha.

Musaiwale waya wonenepa wochokera ku batire kunka ku chitsulo cha galimoto, amene amakaniko amati earth. Magetsi onse amabwerera m'njira imeneyi, ndipo sitata yokha imakoka maampu oposa 100. Pamene wamangidwa pakachita dzimbiri, galimoto imangoti kete! osalira, ngakhale batire lili latsopano. Masulani bawuti, palani chitsulo chiyere, mangani, pakani girizi. Nyali zakumbuyo zili ndi earth wakewake, ndipo zikamaphethira pamodzi ndi indiketa, yang'anani pamenepo poyamba.

Fyuzi ikapsa, bwezerani ya nambala yomweyo. Pa mafyuzi a mano awiri, yofiira ndi ya maampu 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Kuikapo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu kumachititsa kuti mawaya apse m'malo mwa fyuzi, ndipo kumbuyo kuli mabelo a fodya wouma.

Yenderani mawaya anu kawiri pachaka: mu Okutobala musanayambe kututa feteleza, ndi mu Malichi msika wa fodya usanatsegulidwe. Galimoto yonyamula chimanga isagone pafupi ndi nkhokwe ili ndi njere zotayika, pakuti makoswe akatha njerezo amayamba chikopa cha mawaya.