Kodi Wodwala Adzuke Liti Pakama?



Tsiku lina tidapita kukazonda bambo ena achikulire, asodzi, m'chipatala china kuno kunyanja. Adali atachitidwa opaleshoni ya m'mimba, koma tidawapeza alinso ndi bala pachipumi. Akuti atamva azana ya m'bandakucha adadzambatuka kuti akachite wudhu monga mwa masiku onse. Asanaponye phazi kachitatu, m'maso mudada ndipo adagwa. Kuyambira pamenepo ana awo adawaletseratu ngakhale kukhala tsonga. Bambowa adalakwitsa pofulumira, anawo nawonso adalakwitsa powagoneka.

Kugonera kuli ndi zoopsa zake. Munthu akakhalitsa pakama minofu imafooka, m'matako ndi m'zidendene mumabuka zilonda, makhololo amadzadza m'chifuwa mpaka kuyambitsa chibayo, ndipo magazi atha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. N'chifukwa chake achipatala amafuna wodwala ayambe kuyenda msanga. Koma msanga wake ngwoyeza.

Oyeza ake ndi anthu amene timangowatchula kuti a mafizo. Ntchitoyi idadziwika kwa ambiri kudzera m'bungwe la MAP, lomwe lidayamba mu 1979 pothandiza opuwala ndi poliyo, ndipo mu 2010 sukulu ya madokotala ku Blantyre idayamba kuphunzitsa digiri yake. Kaya mwagonekedwa pa chipatala chachikulu cha Mangochi, kaya mwatumizidwa ku Zomba kapena ku Queens, funsani za anthu amenewa. Paja safunsa adadya phula.

Asanamudzutse wodwala, a mafizo amayamba aona zimene dokotala walemba. Ngati fupa lidathyoka, kodi mwendowo waloledwa kuponda pansi? Kenaka amamuyankhulitsa kuti aone ngati mutu ukugwira bwino ndipo akumva zomuuza. Amayeza BP, kugunda kwa mtima, kapumidwe ndi kutentha kwa thupi. Amaonanso ngati magazi sadachepe, ngati bala silikukha magazi, ndiponso ngati katumba wa mwendo umodzi sadatupe n'kumapweteka, poti chimenechi chingakhale chizindikiro cha magazi oundana.

Zonse zikakhala bwino, amapita naye pang'onopang'ono. Choyamba akhale tsonga pakama, kenaka atsitse miyendo m'mphepete mwa kama, ndiye aimirire atagwiriziza, pomaliza aponye mapazi angapo. Munthu wogonera akaimirira mwadzidzidzi magazi amathamangira kumiyendo, kumutu n'kuperewera. Nambala yapamwamba ya BP ikatsika ndi 20 m'mphindi zitatu chiimirireni, kapena wodwala akamva chizungulire, phuma, thukuta lozizira ngakhalenso kupweteka pachifuwa, amamubweza pakama n'kudzayesanso nthawi ina. Pa odwala sitiroko, kafukufuku wa anthu oposa 2,000 yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2015 adaonetsa kuti kuwadzutsa kwambiri tsiku loyamba lisanathe kumachepetsa mwayi wochira bwino.

Nanga Swala? Apa ndi pamene ambiri a ife timavutika mumtima. Tikumbukire Swahaba Imran bin Husain, yemwe adali kudwala nafunsa Mtumiki (SAW) za kaswalidwe kake. Adaloledwa kuswali chokhala ngati kuimirira kwakanika, ndiponso chogonera m'nthiti ngati kukhala kwakanika. Amene sangafike pamadzi, kapena madzi angamuonongere bala, achite tayammam. Ngakhale ana a ku madrasa timawaphunzitsa zimenezi, koma akuluakulufe tikadwala timachita nazo manyazi, ngati kuti Swala yapakama njoperewera. Allah adatipeputsira yekha, tsono tisadzilemetse.

Inu odikirira odwala, ntchito yanu nayi. Musamudzutse munthu koyamba muli nokha. Amene sangathe kudzitembenuza muzimutembenuza pakatha maola awiri alionse. Akaloledwa kuyenda, pukutani pansi ponyowa, mumangeni nsalu kapena mkanjo kuti usamukole, ndipo muime kumbali imene ili yofooka. Mayi amene akufuna kugwiridwa ndi mayi mnzake anene poyera, ndipo ngati palibe, m'bale wake akhale pomwepo, koma asakane chithandizo.

Bambo aja adadzuka ndithu, Alhamdulillah. Tsiku loyamba adangokhala m'mphepete mwa kama, lachiwiri adafika pakhomo la wodi mwana wawo ali pambali. Swala zonse za masiku amenewo adaswalira pakama, osaphonya ngakhale imodzi.

Allah awachize odwala athu onse ndipo awapatse kupirira owasamalira. Ameen.