Kujambula nsanja zounikira zombo ndi penti wamadzi

Nsanja zimenezi n'zotani?

M'magombe a nyanja zamchere, pamene pali matanthwe obisika kapena polowera padoko, anthu anamangapo nsanja zazitali zokhala ndi nyali pamwamba kuti oyendetsa zombo azidziwa pomwe afika. Usiku nyali iliyonse imaphethira mwakemwake, ndipo masana nsanjayo imadziwika ndi maonekedwe ake. Ya ku Cape Agulhas, kunsonga ya kummwera kwa Africa, yomwe inayatsidwa mu 1849, ili ndi mizere yopingasa yofiira ndi yoyera. Ya ku Cape Hatteras ku America ili ndi mizere yakuda ndi yoyera yokwera mozungulira. Wojambula akasintha mizereyi, ndiye kuti wajambula nsanja ina.

Penti wamadzi amagwira ntchito bwanji?

Penti ameneyu ndi ufa wamitundu wosakaniza ndi utomoni wotchedwa gum arabic, wochokera ku mitengo ya m'gulu la mthethe, makamaka ya ku Sudan. Madzi amangonyamula ufawo kuuyala papepala. Akauma, utomoni uja ndiwo umaugwira kuti usachoke. Pentiyu ndi wopyapyala kwambiri moti kuwala kumam'dutsa, kukafika papepala, n'kubwerera m'maso mwa woonera. Apa ndiye pagona nkhani yonse: kuwala kwa chithunzi kumachokera ku pepala lenilenilo. Choncho wojambula amayamba ndi mitundu yombuwirira n'kumalizira ndi yoderapo, poti malo akada kuwayeretsanso n'kovuta. Ambiri amakonda pepala lathonje lokhuthala, la magalamu 300 pa sikweyamita, chifukwa silikwinyika msanga likanyowa.

Nsanja yoyera papepala loyera

Nsanja zambiri n'zoyera, ndipo mwambo wa lusoli suchita kudalira penti woyera. Nanga nsanjayo ituluka bwanji? Imatuluka chifukwa cha zoizungulira. Wojambula amalemba kaye malire ake ndi pensulo, kenako amapaka thambo mbali zonse, n'kusiya pepala la pakatipo losakhudzidwa. Thambo likaderapo, nsanja imayamba kuwala yokha. Ena amayamba aphimba malowo ndi mankhwala amadzimadzi omwe amauma ngati labala, n'kudzawamatula thambo likauma. Njirayi imathandiza pa tizitsulo tating'ono ta khonde la pamwamba, koma imasiya m'mphepete mowuma kwambiri, moti odziwa amadutsamonso ndi burashi yonyowa kuti mufewe. Ikatha ntchito imeneyo patsala kuipatsa nsanjayo thupi. Yang'anani nkhokwe dzuwa likupendeka: mbali ina yawala, mthunzi ukubwera pang'onopang'ono, ndipo kumphepete kwenikweni kwa mbali yamthunziyo kwayererako chifukwa cha kuwala kobwerera kuchokera pansi. Nsanja nayonso ndi choncho. Mthunzi wake sufuna penti wakuda. Wobiriwira ngati thambo wotchedwa ultramarine, akasakanizidwa ndi wofiirira ngati dothi wotchedwa burnt sienna, amatulutsa mtundu wotuwa umene umatha kupendekera kofunda kapena kozizira, malinga ndi nthawi ya tsiku.

Thambo ndi madzi

Mitambo imafuna pepala lonyowa. Penti akadontha pamenepo amayenderera yekha, n'kupanga m'mphepete mofewa momwe dzanja silingathe kulemba. Mpata wake ndi waufupi. Pepala likayamba kuuma ndi bwino kulisiya, chifukwa madzi owonjezera amakankha penti wakale n'kusiya zipsera. Kunyezimira kwa nyanja kumafuna zosiyana ndi zimenezi: burashi yotsala pang'ono kuuma, yokokedwa mofulumira papepala lokhakhala, imangokhudza timitunda ta pepalalo n'kusiya timadontho toyera. Mzere wokumanira nyanja ndi thambo uyenera kugona mowongoka, apo ayi nsanja yonse imaoneka ngati ikugwa.

Turner ndi nsanja ya Bell Rock

Bell Rock ndi thanthwe la kugombe la kummawa kwa Scotland, makilomita pafupifupi 18 kuchokera ku tauni ya Arbroath. Nyanja ikadzaza limamira, ndipo limangoonekera kwa maola ochepa madzi akaphwa. Katswiri wa zomangamanga Robert Stevenson anayang'anira ntchito yomangapo nsanja ya mamita 35 kuyambira mu 1807, miyala yake itasemedwa kuti izilumana, ndipo nyali inayatsidwa mu 1811. Pofuna chithunzi choyamba cha m'buku lake lofotokoza ntchitoyi, lomwe linatuluka mu 1824, anapempha J. M. W. Turner. Turner anajambula chithunzicho mu 1819 asanapondeko n'komwe, anangodalira zojambula zomwe anatumiziridwa. Chikhalirecho chithunzi chake chimanena zoona za malowo: mafunde akukwera nsanja, zombo zikuvutika chapatali, nsanjayo ili chilili. Kuyera kwa thovu kwina anakupeza pokanda pepala kuti penti achoke, kwina podonthezapo penti wokhuthala wosadutsa kuwala. Izi zikusonyeza kuti mwambo wosiya pepala loyera si lamulo lomanga manja kwa amene akudziwa chimene akufuna.

Nanga kukakhala bata?

Edward Hopper wa ku America anatenga njira ina. M'chilimwe cha 1927 anali ku Cape Elizabeth m'chigawo cha Maine, kumene anajambula nsanja ya Portland Head, yomwe inayatsidwa mu 1791. M'chithunzi chake mulibe namondwe, mulibenso munthu. Muli dzuwa lowomba khoma loyera, madenga a nyumba za woyang'anira nyali, ndi mithunzi yodulidwa bwino. Kwa wophunzira, Hopper ndiye mphunzitsi wabwino kuposa Turner, chifukwa chilichonse chimene anachita chimaoneka poyera.

Kujambulira pagombe penipeni

Gombe silidikira munthu. Mphepo imaumitsa pepala wojambula asanamalize thambo, pamene nkhungu imalisiya lonyowa nthawi yaitali. Madzi amadzaza ndi kuphwa pafupifupi kawiri patsiku, kotero matanthwe amene munawaona poyamba angathe kumira musanafike pakati. Mithunzi nayo imasuntha. Nzeru yake ndi kulemba malo a mthunzi ndi mzere wa madzi koyambirira, n'kukakamira pomwepo ngakhale zinthu zisinthe.

Kusunga chithunzi

Mdani wamkulu wa penti wamadzi ndi dzuwa, poti mitundu ina imafwifwa ikakhala powala zaka zambiri. Henry Vaughan, amene anasiyira nyumba yosungira zithunzi ya National Gallery of Scotland zithunzi 38 za Turner mu 1900, analamula kuti zizionetsedwa mu Januwale mokha, pamene dzuwa la ku Edinburgh limakhala lofooka. Lamulolo likutsatidwabe, ndipo mitundu ya zithunzizo sinazilale. Chithunzi cha pakhomo chimafuna galasi, kakatoni kotchinga kuti pepala lisagunde galasilo, ndi khoma lopanda chinyezi limene dzuwa silifikako.