Kaundula wakana kuchoka pa tebulo la laibulale

Pa 23 Epulo ndi tsiku lokumbukira mabuku pa dziko lonse, mwambo womwe unakhazikitsidwa mu 1995. Chaka chilichonse pa tsikuli timamva zambiri za ana osakonda kuwerenga ndi mashelefu osowa mabuku atsopano. Koma kuseri kwa tebulo lobwereketsera mabuku kuli nkhani ina yomwe siikambidwa. Anthu omwe akalambira pa chidindo ndi makhadi tsopano akuuzidwa kuti ntchito yonse izidzera pa kompyuta, ndipo ambiri akuphunzirira ntchito ili m'manja, mzere wa ophunzira uli pamaso pawo.

Changu chinakula mu 2020, sukulu zitatsekedwa m'mwezi wa Malichi chifukwa cha Covid-19. Laibulale yomwe zonse zinali pa mapepala inangokhala nyumba yokhoma. Makoleji angapo kuno kwathu amagwiritsa ntchito Koha, pulogalamu yaulere yomwe inayambira ku New Zealand mu 1999. Akuluakulu amaikonda chifukwa salipira laisensi chaka ndi chaka. Ulerewo umathera pomwepo basi. Magetsi, intaneti ndi munthu woidziwa bwino zimafuna ndalama.

Mu laibulale ya pa koleji ina m'chigawo chapakati tinapezako mayi wina wa imvi za apo ndi apo, magalasi atawakoloweka pa chingwe m'khosi. Anayamba ntchito nthawi yomwe buku lililonse linkafuna makhadi atatu otayipa pa makina: la dzina la wolemba, la mutu wa buku, ndi la zomwe bukulo likukamba. Kabati ya makhadiwo idakalipo pakona, madirowa ake atawala ndi manja a anthu. Mukawafunsa komwe kuli mabuku a mbiri ya Malawi sayang'ana pena paliponse. Amangokuuzani kuti 968.97, shelefu ya pafupi ndi zenera, mzere wachiwiri kuchokera pansi.

Pambali pa kiyibodi pali kope lawo lachikuto cholimba, lomwe m'mphepete mwada ndi kutsegulatsegula. M'menemo analemba ndi bolopeni yofiira ndi yabuluu njira iliyonse, Chichewa ndi Chingerezi zosakanikirana. Tsamba lina ndi la kubwereketsa buku, lina la kulandira lobwezedwa, lina la zochita wophunzira akataya khadi. Pena anajambula kabatani n'kulozapo muvi, pansi pake n'kulemba kuti adinize kamodzi kokha. Anatiuza moseka kuti masiku oyamba ankadiniza kawiri katatu kompyuta ikachedwa, poganiza kuti sinamve.

Tinawaonerera akulowetsa mabuku awiri. Loyamba linali la sayansi, losindikizidwa ku London. Analozetsa sikana pa timizere takuda ta kuchikuto, nambala ya ISBN ya manambala 13 inalowa, ndipo posakhalitsa zonse za bukulo zinabwera zokha kuchokera ku malaibulale akuluakulu akunja. Anangokonza pang'ono n'kusunga. Lachiwiri linali kabuku ka nthano za Chichewa kosindikizidwa ku Blantyre kalekale, kopanda ISBN, komwe palibe wakunja anakalembapo. Apa anakokera mpando pafupi, n'kuvala magalasi. Dzina la wolemba m'bokosi la 100, mutu wa buku mu 245, zomwe likukamba mu 650, chala chimodzi cha dzanja lililonse chikusakasaka zilembo. Chaka chosindikizira sichinalembedwe patsamba loyamba, choncho anatembenuza mpaka kumapeto, n'kuchipeza m'tizilembo ting'onoting'ono pansi pa dzina la osindikiza. Luso lofufuza chotere analitenga ku makhadi aja, ndipo kompyuta sikanawaphunzitsa. Ntchito ya kabuku kameneka inadya nthawi yoti akanalowetsa mabuku akunja mulu wonse, koma lero wophunzira aliyense angathe kukapeza pa foni yake ali ku hositelo.

Amene anawaphunzitsa zambiri mwa izi ndi mnyamata wina yemwe anabwera kudzaphunzira ntchito kwa miyezi yochepa. Iye ankawatchula kuti amayi, iwo ankamuti mwana wanga, ndipo ankakhala limodzi pa kompyuta nthawi ya nkhomaliro. Mnyamatayo anapita kalekale, koma zikavuta amamujambulira sikirini n'kumutumizira pa WhatsApp, pa bandulo yogula ndi ndalama za m'thumba mwawo.

Chomwe chautsa mkangano pa laibulaleyi ndi kaundula wamkulu wakuda yemwe wakhala pa tebulo lomwelo, pafupi ndi sikana. Buku lililonse lotuluka mayiwa amalilowetsa mu kompyuta, kenako n'kulilembanso m'kaundula: dzina, nambala ya wophunzira, tsiku lobweza, siginecha.

Mkulu wa laibulaleyi akufuna kaundulayo achoke. Mfundo yake njomveka. Ntchito imodzi ikugwiridwa kawiri, ndipo mzere umatalika mpaka pakhomo nthawi ya mayeso. Choipa kwambiri n'choti pakakhala piringupiringu antchito ena amalemba m'kaundula mokha, poti adzalowetsa mu kompyuta madzulo, kenako n'kuiwala. Mawa lake kompyuta ikunena kuti buku lili pa shelefu pamene lili m'chikwama cha munthu ku Kasungu. Wophunzira akanamizidwa chotere kawiri, sayikhulupiriranso. Mkuluyo akuona kuti bola kaundula alipo, palibe amene adzaidziwe Koha mpaka pansi, chifukwa pothawira palipo.

Mayi aja nawo sakukana zamakono, ndipo kope lawo lija ndi umboni. Funso lawo ndi la magetsi. Akazima masana, kapena netiweki ikagwa, ophunzira sabwerera. Mayeso ali mawa, buku akulifuna lero. Awabweze? Ndipo buku likasowa, amene amaitanidwa ku ofesi kukalongosola si kompyuta. Siginecha ya m'kaundula ndiyo yawapulumutsapo kangapo wophunzira atakanitsitsa kuti sanatenge kanthu.

Aliyense mwa awiriwa akunena zoona za mbali yake. Komabe pali chinthu chomwe chinatidabwitsa. Koha ili ndi njira yobwereketsera mabuku netiweki kulibe: mumalemba pa laputopu yokhala ndi moto, ndipo intaneti ikabwera mumatumiza zonse kamodzi. Titatchula zimenezi, mayiwa anatsegula kope lawo, n'kuyang'ana tsamba ndi tsamba. Munalibe. Palibe anawauzapo.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Pamene pulogalamuyi inkabwera, kunachitika maphunziro a masiku ochepa ku hotela ina kunyanja. Anapitako ndi mkulu wa laibulale ndi mnyamata wa za makompyuta. Omwe amakhala pa tebulo kuyambira m'mawa mpaka madzulo anatsala kuti laibulale isatsekedwe, polonjezedwa kuti opitawo adzawaphunzitsa akabwerako. Anabwerako ndi timabuku ta Chingerezi ndi zikwama zolembedwa mutu wa msonkhano. Kuphunzitsako kunatha masana amodzi. Tonse tikudziwa momwe mayina a opita kumisonkhano yotere amasankhidwira pakakhala alawansi, ndipo si m'malaibulale mokha. Koma kuno mtengo wake ukuoneka ndi maso: chida chobweretsedwa kuti chichepetse ntchito chaichulukitsa.

Ife tikuona kuti kulanda mayiwa kaundula lero, musanawaonetse chochita magetsi akazima, n'kuwalakwira. Kumusiya mpaka kalekale n'kulakwiranso ophunzira. Chofunika si msonkhano wina wa kunyanja ayi. Pafunika munthu wokhala nawo pa tebulo lomwelo, pa kompyuta yomweyo yochedwayo, sabata ndi sabata, mpaka atazimitsa dala intaneti n'kuona okha kuti palibe buku lasokonekera. Mnyamata wodzaphunzira ntchito uja anachita zambiri ndi nthawi ya nkhomaliro chabe.

Izi zili apo, zatsopano sizikudikira kuti mkangano wa kaundula uthe. Tisanachoke panabwera mtsikana wa chaka chachitatu ndi mndandanda wa mabuku pa foni, wofuna kuwagwiritsa ntchito pa kafukufuku wake. Mayiwa anafufuza loyamba mu Koha, palibe. Anayesa dzina la wolemba, anayesa Google Scholar monga anawaonetsera mwana wawo uja, osapezabe. Atamufunsa bwinobwino komwe anautenga mndandandawo, mtsikanayo anati ndi ChatGPT. Chiyambireni kumapeto kwa 2022, ogwira ntchito m'malaibulale a m'maiko ambiri akhala akulandira mitu yotere, yomveka bwino, ya olemba enieni, koma ya mabuku omwe sanalembedwepo. Mwa mabuku a pa mndandandawo anapezako ena, ndipo pa osowawo mayiwa anamutengera mtsikanayo ku shelefu ya 896, komwe kuli zolembalemba za m'zilankhulo za mu Africa, n'kumutulutsira awiri omwe iye sankawadziwa n'komwe.