Bala la Opareshoni Yoberekera: Ulusi wa M'kati

Amayi, ambiri mwa inu amene munabereka mwa opareshoni mumafunsa kuti, "Bwanji bala la mnzanga linauma msanga, pamene langa linatuluka madzi? Kodi anandisoka bwino?"

Dziŵani kuti pamimba pali magawo angapo. Pamwamba pali khungu, pansi pake mafuta, kenaka chikopa cholimba chokuta minofu, ndipo m'kati mwenimweni muli chiberekero. Chiberekero, chikopacho ndi khungu amatseka nthaŵi zonse. Koma akafika pa mafuta, adokotala amayamba aona kuchindikala kwake.

Mafuta akakhala ochindikala, nasokedwa khungu lokha, pansi pamatsala mpata. Mumpatamo mumadikha madzi ndi magazi monga madzi a mvula m'dzenje. Madziwo amakankha bala mpaka kulitsegula, ndiponso tizilombo timaswana bwino m'menemo. Mu 2004 madokotala a ku America anasonkhanitsa zofufuza zingapo, napeza kuti mafuta akapitirira masentimita 2, kuwasoka kumachepetsa kutseguka kwa bala ndi gawo limodzi mwa magawo 3. Muyeso umenewu ndi ngati kunenepa kwa chala chachikulu cha kumanja. Kwa mayi wa mafuta ochepa phindu lake silinaoneke. Choncho dokotala akasiya mafuta osasoka, si ulesi ayi. Kuika ulusi m'thupi popanda chifukwa si nzeru.

Ulusi wa m'kati sachotsa, umasungunuka wokha pang'onopang'ono. Mukamva kamzere kolimba pansi pa chipsera, musakafinye.

Ntchito yotsala ndi yanu. Sambani tsiku ndi tsiku, ndipo pukutani pabala ndi nsalu yoyera kufikira pauma. Ngati mimba imagwera pabalapo, ikwezeni pang'ono popukuta, pakuti thukuta limabisala m'menemo. Musapakepo phulusa, mafuta kapena mankhwala a zitsamba, ngakhale agogo atakulimbikitsani chotani. Kwa masabata 6 musasenze ndowa ya madzi, musasinje, musalime. Apa abambo ndi abale athandize.

Bala likafiira, likatupa, likayamba kutuluka mafinya kapena kununkha, likatseguka, kapenanso thupi likatentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire tsiku la sikelo. Inu amene muli ndi matenda a shuga muzilionetsetsa m'maŵa ndi madzulo, chifukwa mabala anu amachedwa kupola.