Mlandu wa munthu pamaso pa Mulungu umatha bwanji?

Pamaliro, ikafika nthawi yowerenga mbiri ya malemu, mkulu wa mpingo amanena kuti mayiwa ankapereka chakhumi ndi masika mokhulupirika, ku Mvano sankajomba, odwala ankawayendera. Anamfedwa amagwedeza mitu, mitima n'kukhala pansi: ameneyu kumwamba wafika. Ife ophunzitsa za umulungu tikamva zotere timazindikira funso lomwe linagawa mpingo wa ku Ulaya zaka 500 zapitazo. Kodi Mulungu amamuyesa munthu wolungama poona chiyani?

Chiphunzitso cha kulungamitsidwa chimayankhula chiyankhulo cha m'bwalo la milandu. Munthu wapalamula, umboni ulipo, koma woweruza akulamula kuti alibe mlandu, chifukwa chilango chake anasenza ndi Khristu. Paulo anafotokoza izi m'kalata yake kwa Aroma, makamaka mutu 3 mpaka 5.

Martin Luther analowa m'nyumba ya amonke ku Erfurt mu 1505, ndipo pa nkhani ya ntchito zabwino panalibe womuposa. Ankasala kudya, kuchezera kupemphera, ndi kuulula machimo kwa maola ambiri mpaka womumvetsera, Johann von Staupitz, kutopa naye. Mtendere osaupeza. Akuphunzitsa Baibulo ku Wittenberg, Aroma 1:17 inamutsegula maso: chilungamo cha Mulungu si muyeso wokwapulira wochimwa ayi, ndi mphatso yolandiridwa mwa chikhulupiriro. Nthawi yomweyo Johann Tetzel ankayenda m'matauni a ku Germany akugulitsa zikalata zochotsera chilango cha machimo, ndipo gawo la ndalamazo linkapita kukamangira tchalitchi cha St Peter ku Rome. Mu Okutobala 1517 Luther analemba mfundo 95 zotsutsa malondawa. Pofika 1521 anali atachotsedwa mu mpingo.

Akatolika anayankha pa msonkhano wa ku Trent mu 1547, ndipo apa mpamene ambiri a ife Aprotestanti timawanamizira. Trent sinaphunzitse kuti kumwamba n'kogula. Inanena poyera kuti chisomo cha Mulungu ndicho chimayamba, munthu asanachite kanthu. Kusiyana kwenikweni n'kwakuti kwa Luther ndi John Calvin, Mulungu amalengeza kuti wochimwa ndi wolungama chifukwa cha chilungamo cha Khristu, ndipo kusintha kwa khalidwe kumabwera pambuyo ngati chipatso. Kwa Trent, kulungamitsidwa kumaphatikizapo kusintha komweko: chisomo chimalowa mwa munthu kuyambira pa ubatizo, iye n'kumagwirizana nacho, ndipo angathe kuchitaya ndi tchimo lalikulu.

Nawo Akatolika ena amati Aprotestanti safuna ntchito. Si zoona. Yakobo 2 ili m'Baibulo lawo lomwe, ngakhale Luther kalatayo sankaikonda kwenikweni. Kuona kwanga, Paulo akutsutsa munthu wofuna kulipira Mulungu, pomwe Yakobo akutsutsa wa chikhulupiriro chapakamwa amene amasiya mnzake wanjala pakhomo. Mlaliki wolonjeza kuti Mulungu akukomera mtima ukadzala "mbewu" ya ndalama angatsutsidwe ndi onse awiri, ngakhalenso ndi mabishopu a ku Trent.

Pa 31 Okutobala 1999, mumzinda wa Augsburg, Mpingo wa Katolika ndi Lutheran World Federation anasainirana chikalata chovomereza kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, ndipo Mzimu Woyera ndiye amamupatsa mphamvu yochita zabwino. Amethodisti anachivomereza mu 2006, ndipo bungwe la mipingo ya Reformed padziko lonse linatero mu 2017 ku Wittenberg. Achilutera ena, monga a Missouri Synod ku America, anachikana ponena kuti chinangokwirira kusiyana. Za puligatoliyo ndi ulamuliro wa Papa chikalatacho sichinazithetse. Kuchotsera chilango cha machimo kukadalipo mu Mpingo wa Katolika, koma kulipiritsa ndalama pa zimenezi Papa Pius V anakuthetsa mu 1567.